Musanamukulungire, Mufunseni Kaye

M'matauni ang'onoang'ono a kumidzi ku America, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, sitolo ya mankhwala sinkagulitsa mankhwala okha. Ukangolowa, mbali ina kunali tebulo lalitali pomwe ana a sukulu ankakhala n'kumamwa zoziziritsa kukhosi. Chapakati panali nyuzipepala, fodya, sopo, mafuta odzola, mankhwala a ng'ombe ndi a makoswe. Kumapeto kwenikweni n'kumene kunkaima mwini sitolo, atavala chovala chake choyera, akuwerenga mapiritsi n'kumalemba kamwedwe kake pa botolo. Ndipo m'masitolo ena otere, makamaka kumadera kumene amuna ambiri anali alenje, pakhoma pankapachikidwa mfuti, timabokosi ta zipolopolo titasanjidwa m'munsi mwake. Bambo ankatha kugula mankhwala a chifuwa a mwana wake pamodzi ndi zipolopolo, zonse pa lisiti limodzi, mwinanso pa ngongole yodzabweza akakolola.

Boma silinkaonapo vuto. Lamulo la mfuti la 1938 linkafuna kuti wogulitsa akhale ndi laisensi, koma laisensiyo inali ya dola imodzi yokha pa chaka. N'chifukwa chake masitolo a misomali ndi malata, magalaja ndi masitolo a mankhwala onse ankatha kuitenga. Wogulitsa ankayenera kulemba dzina la wogula m'buku, koma panalibe pofufuzira ngati dzinalo ndi loona. Bukulo linkangolandira chilichonse chimene wogula wanena.

Okalamba amene anayendetsapo masitolo amenewa akamakumbukira masiku amenewo, kawirikawiri amadziteteza ndi mfundo imodzi: tinkadziwa aliyense. Tinkadziwa mlenje weniweni, tinkadziwa chidakwa, tinkadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Sindikuwatsutsa kotheratu. Koma ndikufuna inu amene muli ndi okala, golosale, famase kapena shopu ya mankhwala a mbewu mumve nkhani ya sitolo imodzi, chifukwa nanunso mumalankhula chimodzimodzi, ndipo pa shelefu yanu pali zinthu zimene zimachotsa moyo wa munthu dzuwa lisanalowe. Mfuti simugulitsa, ndikudziwa. Koma musathawe, nkhaniyi ikukukhudzani.

Pa 29 March 1968, mwamuna wina wazaka 40 analowa m'sitolo yotchedwa Aeromarine Supply mumzinda wa Birmingham, ku Alabama. Sinali sitolo ya mankhwala, sinalinso kumudzi, koma inkayendera lamulo lomwelo ndi chizolowezi chomwecho. Mwamunayo anati dzina lake ndi Harvey Lowmeyer. Anasankha mfuti ya Remington ya mtundu wa .243, anapempha kuti amumangirire pamwamba pake galasi lija lokokera pafupi chinthu chakutali, anatenganso zipolopolo, n'kulipira pompo ndalama zokwana pafupifupi madola 250. Anati akupita kokasaka agwape ndi m'bale wake ku Wisconsin. Tsiku lomwelo anaimba foni kusitoloko. M'bale wake uja, akuti, wanena kuti mfutiyo si yoyenera, pakufunika yokulirapo. M'mawa mwake, pa 30 March, anabwerera. Anamusinthira, n'kumupatsa Remington Gamemaster ya .30-06, yamphamvu kuposa yoyamba ija, atamumangiriranso galasi lija.

Patangopita masiku asanu, pa 4 April cha m'ma 6 koloko madzulo, Martin Luther King Jr., mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, anaima pakhonde la m'mwamba la Lorraine Motel ku Memphis, kumene anapita kukalimbikitsa anthu otola zinyalala amene ankanyanyala ntchito. Chipolopolo chimodzi chinam'peza pansagwada. Anamwalira ali ndi zaka 39. Pakhomo la shopu ina chapafupi apolisi anatola mtolo wokulungidwa m'chofunda, mkati muli mfuti ija. Nambala yake inawalondolera ku Birmingham, ndipo zidindo za zala zinaulula dzina lenileni la Lowmeyer: James Earl Ray, mkaidi amene anathawa kundende ya ku Missouri mu April 1967. Anam'gwira pabwalo la ndege la Heathrow ku London pa 8 June. Mu March 1969 anavomera mlandu ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 99. Pasanathe sabata anasintha mawu, ndipo mpaka imfa yake mu 1998 ankanena kuti wowombera sanali iye. Ena a m'banja la King anafika pomukhulupirira. Koma zoti mfuti ija anagula ndi iyeyo, pakauntala paja, sanakanepo.

Tibwerere pakauntalapo, chifukwa nkhani yathu yagona pamenepo. Ogulitsa aja sanaswe lamulo lililonse, ndipo apolisi atafika anawathandiza ndi mtima wonse. Sindikuti anapha munthu ndi iwo. Koma tamvani zimene anthu a m'sitolomo anakumbukira atafunsidwa: kasitomalayo ankaoneka kuti za mfuti sakuzidziwa bwino. Munthu akutulutsa ndalama zambiri chonchi, koma chida chimene akugula n'chachilendo m'manja mwake. Zimenezi anaziona tsiku lomwelo, osati apolisi atabwera. Maso anaona, koma pakamwa sipanafunse.

Nanga nyengo? Ku Wisconsin agwape amasakidwa ndi mfuti mu November. Aliyense wogulitsa mfuti ku America amadziwa kuti ulenje wa agwape ndi wa kumapeto kwa chaka. Uyu akugula kumapeto kwa March, patatsala pafupifupi miyezi 8, komanso akusintha mfuti pasanathe tsiku limodzi ngati ulendo ndi wa mkuja. Kugula msanga si mlandu, alenje ambiri amatero. Koma mfuti ya .243 ndi imene alenje ochuluka amagwetsera agwape chaka ndi chaka. Ndiye yokulirapoyo yafunikira chiyani? Ndipo wanena kuti siyokwanira ndani? M'bale amene sanapondeko m'sitolomo, wopanda dzina, wopanda nkhope. Wolipira anali mmodzi, wosankha anali wina wosaoneka. Masiku ano ogulitsa mfuti ku America amaphunzitsidwa kuti wogula amene akuuzidwa chosankha ndi munthu woima panja kapena wa pafoni ngoyenera kumukana, ndipo kugulira wina mfuti mobisa ndi mlandu waukulu. Mu 1968 zinangomveka ngati nkhani wamba ya pachibale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi tsiku lachiwirilo. Tsiku loyamba munthu ungathe kunena kuti kunali makasitomala ambiri, mutu unali pa zina. Koma apa panadutsa usiku wathunthu. Foni inalira madzulo, nkhani inasintha, ndipo ogulitsa anali ndi nthawi yoganizira munthu wachilendo uja asanabwerenso. Mwayi wachiwiri woterewu subwera kawirikawiri pa malonda. Akanataya chiyani akanafunsa kuti, "Mumasakira dera liti ku Wisconsin? Achimwene anuwo bwanji osabwera kudzasankha okha? Tingaoneko chiphaso chanu choyendetsera galimoto?" Mlenje weniweni mafunso otere amawakonda; amayamba kukusimbira za gwape wamkulu amene anamuphonya chaka chatha mpaka umachita kumudula mawu. Wothawa kundende woyenda ndi dzina labodza ndi amene amasowa mtendere akafunsidwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Tsoka la wogulitsa n'lakuti iye akapanda kufunsa, phulalo amadya ndi anthu ena.

Chinawaletsa kufunsa n'chiyani? Palibe amene angalowe m'mitima yawo, koma inu ndi ine tikudziwa chimene chimamanga lilime pakauntala. Malonda a madola 250 sanali ochepa m'chaka chimenecho. Kasitomala anali wofatsa, wosachita phokoso, wolipira osavuta. Kufunsa munthu wotere kumaoneka ngati chipongwe. Ndiponso lamulo silinkakakamiza. Zinthu zitatu zimenezi, phindu, ulemu ndi lamulo losalankhulapo, zikagwirizana, munthu wabwinobwino amatenga chingwe n'kumanga phukusi mosaganiza kawiri. Kodi inu simunachitepo chimodzimodzi, mtima ukukuuzani kuti pano pali china chake, manja ali kalikiliki kuwerenga chenji?

Anthu a ku America anaganiza kuti mankhwala a vutoli ndi lamulo, ndipo mbali ina analondola. Kumbukirani kuti mu 1963 Lee Harvey Oswald anaitanitsa mfuti imene inapha pulezidenti John F. Kennedy kudzera pa positi, kuchokera kusitolo ya Klein's ku Chicago, pa dzina labodza lakuti A. Hidell, pamtengo wa madola 21.45 pamodzi ndi zotumizira. Apo panalibe n'komwe woti amuyang'ane m'maso. King ataphedwa mu April 1968, ndi Robert Kennedy, mng'ono wa pulezidenti uja, mu June chaka chomwecho, pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo latsopano la mfuti pa 22 October. Kugulitsa mfuti kwa anthu wamba pa positi kudutsa malire a zigawo kunaletsedwa. Anaika zaka: 18 pa mfuti zazitali, 21 pa mfuti za m'manja. Wogula anayamba kudzaza fomu ndi kusaina. Mu 1993 kunabwera lamulo la Brady, laisensi inakwera kufika madola 200 pa zaka zitatu, ndipo ogulitsa ang'onoang'ono ambirimbiri anasiya malondawa. Kuyambira mu 1998 wogulitsa wa laisensi amayamba wafufuza dzina la wogula kudzera m'makompyuta a boma asanapereke mfuti.

Mwina mukuti basi, zinatheka. Ayi. Mu 2009, kuchigawo cha New Hampshire, anthu atatu osadziwana anagula mfuti m'sitolo imodzi, ya Riley's m'tauni ya Hooksett, pasanathe sabata imodzi. Aliyense wa iwo anadzipha patangopita maola ochepa atagula. Mapepala awo anali olongosoka. Kompyuta inalibe chifukwa chowakanira. Mwini sitoloyo, Ralph Demicco, anali katswiri wa zaka zambiri pa malondawa, munthu wodziwika kuti kasitomala wokayikitsa amamubweza. Atamva nkhaniyi sanabisale kumbuyo kwa lamulo. Anagwirizana ndi akatswiri a zaumoyo ndi ogulitsa anzake, n'kukonza malangizo oti apachikidwe m'masitolo a mfuti. Musaiwale kuti ku America, mwa anthu onse amene amafa ndi mfuti chaka chilichonse, oposa theka amakhala odzipha okha. Wogulitsa amaopa chigawenga, pomwe kawirikawiri woopsezedwa ndi chidacho ndi yemweyo waima kutsogolo kwake.

Zizindikiro zimene analemba m'malangizo amenewo ndikufuna muzisunge, chifukwa si za mfuti zokha. Wogula sadziwa kanthu za chida chimene akufuna, ndipo alibenso chidwi chophunzira. Safunsa mafunso. Iliyonse imene mungamupatse, kwa iye ndi yomweyo. Amatchula za tsoka limene lamugwera posachedwa: banja latha, ntchito yatha, ali ndi mlandu kupolisi. Amazemba kukuyang'anani m'maso, manja akunjenjemera, kapena akuoneka kuti wangolira kumene. Amaponya mawu ngati akuti zipolopolo sakufuna zambiri, kapena kuti sadzakhala nayo nthawi yaitali.

Tsopano yang'anani shelefu yanu. Pali mankhwala opopera thonje ndi matimati, pali oteteza chimanga kwa anankafumbwe, pali a makoswe. Pamisika yathu tameki amagulitsidwa m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina, topanda chenjezo, pamtengo umene ngakhale mwana wa pulayimale angakwanitse. Ndi kangati mwamva pa wailesi apolisi akulengeza kuti munthu wakutiwakuti wamwalira atamwa tameki? Munayamba mwadzifunsapo kuti anam'gula kwa yani? Sanagwe kumwamba. Panali dzanja limene linalandira ndalama, linapereka kaphukusi, mwinanso linabweza chenji. Dzanja limenelo silinali la mfiti kapena la chigawenga. Linali la munthu wofuna kudyetsa ana ake, ngati inuyo.

Tiyerekeze kuti ndi madzulo, mwatsala pang'ono kutseka. Kwabwera mnyamata amene mumamudziwa bwino, amene masiku onse amayamba ndi moni wautali ndi nkhani za mpira. Lero sanakhale n'komwe pa benchi. Waima chammbali, maso ali pansi, akuti mumupatse mankhwala a mbozi. Simunamvepo kuti ali ndi dimba, ndipo mvula idakali kutali. Mukumufunsa kuti a botolo liti, akuti alionse. Sakufunsa kuti asungunule zotsekera zingati pa ndowa imodzi, funso limene mlimi aliyense amafunsa ngakhale akulidziwa yankho. Mwatchula mtengo, sananenerere, munthu amene amakangana nanu pa K50 ya machesi. Watulutsanso ndalama zina, akuti mufufute ngongole yake yonse ya m'kope, imene mwakhala mukumulondola miyezi ingapo osaphula kanthu. Chenji akuti musunge. Mukusangalala kuti ngongole yabwera? Munthu amene akukonza zinthu zake mwadzidzidzi chonchi, kubweza ngongole, kugawa katundu wake, kutsanzika mosayenera, nthawi zambiri amakhala kuti watsimikiza kale za ulendo wosabwerera. Ndipo musanyengedwe ndi kudekha kwake. Ena akatsimikiza mtima amaoneka odekha kuposa masiku onse.

Palinso m'bale wosaoneka uja wa ku Birmingham. Kwathu kuno amabwera m'maonekedwe a mwana wotumidwa. Kamtsikana ka zaka 10 kafika ndi ndalama m'manja: "Akuti mundipatse mankhwala a makoswe." Akuti ndani? Mwawaona? Mwamva kuti kunyumbako kunali ndewu usiku wathawu, kapena simunamve? Poizoni sapatsira mwana, ngakhale atatumidwa ndi mfumu. Wofuna abwere yekha mumuone nkhope. Chimodzimodzi woledzera: munthu amene akudzandira simungamubwereke njinga yanu, ndiye mumupatsa bwanji botolo la mankhwala a thonje?

Ndikudziwa yankho limene lili kale pamilomo yanu, chifukwa ogulitsa mfuti nawonso ankayankha lomwelo: ndikamukana akagula kwina, ine n'kutaya ndalama pachabe. Pa James Earl Ray, mwina n'zoona. Anali atazungulira kale masitolo ena a mfuti mu Birmingham, ndipo munthu wokonzekera chiwembu kwa masiku ambiri sabwerera chifukwa cha khomo limodzi lotsekeka. Komabe funso limodzi likanamuchititsa mantha kapena kumuchedwetsa, ndipo pa chiwembu chodalira tsiku ndi malo, kuchedwa si kanthu kakang'ono. Ngakhale zikanalephereka, kunena kuti wina akanamugulitsa sikusandutsa dzanja lanu kukhala la wina.

Koma pa munthu wofuna kudzipha, mawu akuti akagula kwina ndi olakwika kwambiri, ndipo umboni ulipo. Ofufuza amene anacheza ndi anthu opulumuka anapeza kuti ambiri mwa iwo, kuchokera pomwe anaganiza mpaka pomwe anachita, sipanadutse ola limodzi. Ena mphindi zochepa chabe. Mtima wotere umafika pachimake kenako n'kutsika. Ndipo mwa anthu 10 amene apulumuka, pafupifupi 9 sadzafa modzipha m'tsogolo. Ndiye kuti munthu akapanda kupeza chida pa ola loipalo, nthawi zambiri amakhala ndi moyo mpaka kukalamba. Ku Sri Lanka, dziko la alimi ang'onoang'ono ngati lathu, boma linaletsa mankhwala a mbewu oopsa kwambiri pang'onopang'ono, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, zokolola osatsika. Mavuto a anthu sanathe. Chimene chinachoka ndi botolo lakupha msanga limene linkakhala pafupi. Ku Britain, kuyambira 1998, sitolo wamba siloledwa kugulitsa paketi ya paracetamol yoposa mapiritsi 16, famase 32, ndipo imfa zobwera ndi mankhwalawa zinachepa. Munthu akanatha kuzungulira masitolo asanu n'kusonkhanitsa. Ambiri sazungulira. Mphindi zoyenda kuchoka pakhomo panu kupita kwina n'zimene zimapulumutsa.

Tsono tibwerere ku mawu aja a okalamba a ku America, akuti tinkadziwa aliyense. M'mawu amenewa muli choonadi chimene kompyuta ya boma ilibe. Kompyuta sidziwa kuti mkazi wa uje wanyamula katundu dzulo. Sidziwa kuti wakatapila wamulanda malata, kuti fodya wake wabwezedwa ku okushoni, kuti malipiro onse wathera kubetcha mpira pa foni. Inu mumadziwa, chifukwa nkhani zonse za m'mudzi zimathera pakhonde la shopu yanu. Koma kudziwako kuli ndi msampha wake. Mlendo n'ngosavuta kumukana. Nanga mlamu wanu? Nanga mkulu wa mpingo, kapena mwana wa nyakwawa, kapena kasitomala amene wakhala akugula kwa inu chiyambire shopuyo? Pamenepo manyazi amakugwirani pakhosi. Mumadziuza kuti ameneyu ndimamudziwa, sangachite zimenezo. Pa maliro a munthu wodzipha, mawu amene amamveka kwambiri ndi omwewo: sitinkayembekezera kuti iyeyu angatero. Kumudziwa munthu kumathandiza pokhapokha ngati kungakulimbitseni mtima womuuza kuti ayi. Kukapanda kutero, kumangokupatsani chifukwa chogulitsira mwamsanga.

Amankhwala akale anali ndi chida chimodzi chimene ife tachitaya. Ku Britain, lamulo la 1851 linalamula kuti wogulitsa poizoni wa arsenic azilemba m'buku tsiku, dzina la wogula, kuchuluka kwake ndi ntchito imene akukagwiritsa, wogulayo n'kusaina. Ngati wogulitsa samudziwa, pankafunika mboni. Buku lotere silinkagwira wabodza aliyense. Koma linkachedwetsa malonda, linkakakamiza anthu awiriwo kulankhulana, ndipo linkapatsa wogulitsa pobisalira manyazi ake: si ine, ndi buku. Kope la masamba 40 ndi cholembera, zimenezo simungakwanitse? Mukamalemba ngongole ya shuga simuchita manyazi kufunsa dzina. Mankhwala oopsa achotseni pa shelefu ya kutsogolo, akhale kumbuyo, m'bokosi lokhoma, kutali ndi zakudya. Musawagawe m'mabotolo a zakumwa kapena m'timapepala topanda dzina. Abale athu amene amagwira ntchito m'masitolo ang'onoang'ono a ku South Africa akukumbukira za October 2024, pomwe ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira ndi terbufos, mankhwala a m'minda amene amagulitsidwa m'misewu ngati a makoswe. Ndipo ngati mulibe chilolezo chogulitsira mankhwala a mbewu kapena a anthu, dziwani kuti mabungwe a boma oona za zimenezi sanakhazikitsidwe kuti azingokuvutitsani. Katundu amene simungathe kufotokoza kuopsa kwake si wanu woti mugulitse.

Kukana kokha sikokwanira, ndipo pano m'pamene ambiri amalakwitsa kachiwiri. Mukangoti zatha, n'kutseka windo, mwadzipulumutsa nokha, munthuyo mwamusiya mumdima momwe anali. Muuzeni zoona: "Lero sindikugulitsa zimenezi. Takhala pansi apa, sukuoneka bwino." Mupatseni madzi. Kenako funsani mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa kuti funso limeneli limaika maganizo oipa m'mutu mwa munthu. Akatswiri a zamaganizo anafufuza ndipo anapeza kuti sizitero. Nthawi zambiri munthuyo amapepukidwa kuti wina waona. Musamulalikire, musamuopseze ndi apolisi kapena ndi moto wa kugehena, musamuuze kuti mwamuna salira. Mvetserani. Musamulole kuchoka yekha. Itanani m'bale wake amene amamukhulupirira, ndipo mumuperekeze kuchipatala chapafupi, kumene angakumane ndi wachipatala woona za maganizo. Tumizaninso uthenga kwa mnzanu wa shopu yoyandikana nayo kuti naye asamugulitse. Inde, mwina mwalakwitsa, munthuyo amafunadi kupha mbozi, ndipo akwiya. Adzakunenani kwa anzake sabata imodzi. Mlimi weniweni akabwera mawa m'mawa mbozi zake azipezabe, ndipo mankhwala adzagula.

Ngati amene akukukayikitsani akuoneka kuti akufuna kupweteka wina, wabwera akutukwana mkazi wake kapena mnansi amene akulimbirana naye malo, n'kumafuna chikwanje, petulo wa m'botolo kapena poizoni, musalimbane naye nokha. Kanani, muchenjezeni amene akuopsezedwayo, ndipo dziwitsani amfumu kapena apolisi a m'dera lanu usiku womwewo, osati maliro atachitika.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndi cha inu eni mashopu amene simukhala pakauntala. Masana onse mumasiyapo mphwanu, mwana wanu wa Fomu 2, kapena mtsikana wantchito amene mumamulipira pamwezi. Mnyamata wa maso apansi uja akadzabwera, adzapeza iyeyo, osati inu. Kodi munamuuzapo kuti ali ndi ufulu wokana kasitomala? Kapena chimene amadziwa n'chakuti madzulo mumawerenga ndalama, ndipo zikachepa mumakalipa? Mwana woopa bwana wake amagulitsa chilichonse kwa aliyense. Mukhazikeni pansi lero, mumusonyeze mabotolo ndi mapaketi amene sayenera kuperekedwa kwa mwana, kwa woledzera ndi kwa munthu wosokonezeka, mumulembere nambala yanu pachikuto cha kope, ndipo mumuuze momveka kuti akakana malonda chifukwa mtima wake wakayika, simudzamudula malipiro.